Sabata Imene Aliyense Anagwira Ntchito Yake

Lolemba

Kutentha! Seveni koloko isanakwane malaya amata kale pamsana. Feira iwe, ndinakulakwira chiyani?

Koma sabata ino ndi yanga. Ndidzikumbutse pano, poti dzuwa la kuno limasungunula nzeru:

1. Ndine woyang'anira antchito pa boma pano. Ndili ndi digiri. Ndikuwonjezera dipuloma ya kasamalidwe ka antchito, yophunzira mwa makalata. Mu Feira monse mulibe wina wotere.
2. Latsala lipoti limodzi, lotsiriza. Mutu wake: mmene ntchito ikusinthira masiku ano. Usankhe antchito atatu, ulembe zimene pepala la boma limati azichita, kenako zimene akuchitadi.
3. Ndachedwetsa kale kawiri. A kusukulu ku Lusaka andilembera kuti kachitatu kulibe. Likapanda kufika mwezi uno, dzina langa alifufuta.
4. Wokhoza amamuitanira ku likulu. Wolephera akhala kuno mpaka nkhondo ya tsidya lija ithe, kapena mpaka iye athe.
5. Mkazi wanga, amake Limbani, ali ku Matero mu Lusaka kwa alongo awo. Kuno akuti sapondako, mwana wawo sangakulire m'dzenje lobisaliramo ndeke. Khirisimasi ikandipeza ndikadali kuno, akupita naye kwa amayi awo ku Chadiza.
6. Lole ya ku Lusaka inyamuka ku Katondwe Lamulungu, misa yoyamba ikangotha. Ina ndi mwezi wamawa. Ndiye thumba la makalata lichoke kuno Loweruka m'mamawa, lipoti langa lili m'kati.

Anthu anga atatu ndawasankha kale.

A Njobvu, dalaivala. Galimoto alibe. Yathu ija inaponda bomba pamsewu chaka chatha. Iwo anatulukamo amoyo, koma khutu lakumanzere silimvanso. Chichokereni amanyamula makalata pa njinga ya boma mpaka ku Katondwe, kudzera m'tinjira ta mbuzi timene akutidziwa okha.

A Zuze, woyendetsa boti. Boti lili pansi pa mtengo wa mango, lovundikira, poti a tsidya lija amawombera chilichonse choyenda pa Zambezi. Amene ankayang'anira injini ya madzi anathawira ku Nyimba, ndiye a Zuze ndi amene amaidzutsa, amainyengerera, amaitukwana m'Chikunda mpaka madzi atuluke pampopi.

Mai Lungu, otayipa. Zotayipa n'zochepa, riboni inatha kalekale. Koma makutu awo! Amakhala pakhonde ndi zoluka zawo, ndeke amaimva ikadali kuseri kwa mapiri, amamenya chitsulo chopachika pamtengo, tonse m'maenje.

Lipoti ili ladzilemba lokha. Aphunzitsi ku Lusaka akomoka nalo.

Masana. Ndakopera ntchito ya aliyense kuchokera m'fayilo yakale, mawu ndi mawu. Ndadinda chidindo cha boma, ndawaitana atatuwo, ndapatsa aliyense pepala lake. Buku lathu la maphunziro limati wantchito azidziwa chimene akumuyembekeza, ndipo womuyang'anira asamubisire kanthu. Ndiye sindinabise. Ndawauza kuti ndikhala ndikuwayang'ana sabata yonse, wotchi m'manja. Ndawauzanso, monyadira ndithu, kuti poti boma ndi limene likundiphunzitsa, kope limodzi la lipoti limapita ku unduna.

A Zuze ayang'ana a Njobvu. A Njobvu atembenuza khutu labwino lija, akuti, "Mwati kope ipita kuti, a Digiri?" Ndabwereza. Apinda pepala lawo kanayi, aika m'thumba la malaya, amanga batani.

(A Digiri ndi ine. Ndinkakwiya nalo dzinali, pano ndinalizolowera.)

Ulemu wa lero sindinauonepo chibwerereni. Mwina anthu ayamba kuzindikira kuti ali ndi ndani.

Lachiwiri

Zodabwitsa! Onse atatu asaina buku lofikira nthawi isanakwane. Ine pambuyo pawo, wotchi ndi kabuku.

Hafu pasiti seveni. A Njobvu afika atavala yunifomu ya khaki imene ndinali ndisanaionepo, chipewa kumutu, nsapato zopolisha. Atenga ndowa ndi chiguduli, alunjika kuseri kwa ofesi kumene kuli mafupa a galimoto ija. Atsuka chitseko. Chitseko ndicho chokha chinatsala chathunthu. Apukuta, atsukanso. Kenako akhala pampando wake, umene uli pa njerwa zinayi, manja pa chiwongolero. Ndawafunsa akuchita chiyani. "Pepala yanu ikuti kusamala motoka ya boma na kukhala wokonzeka nthawi zonse. Nili wokonzeka, bwana. Tipita kuti?"

Eyiti koloko. A Zuze avundukula boti. Muli nkhuku ya mwini ikufungatira mazira, aisamutsa mwaulemu ndi chisa chake chomwe. Akhala kumbuyo kwa boti, maso kumtsinje, mango akuwagwera m'mbali. Ku injini ya madzi sanapondeko.

Naini koloko. Mai Lungu achoka pakhonde, alowa mu ofesi, atseka chitseko. Poti riboni kulibe, amaika mapepala awiri, kaboni pakati. Lapamwamba limatuluka loyera, lapansi ndiye kalata. Phokoso lake ngati matalala pa malata.

M'kabuku mwanga:
Dalaivala ali pagalimoto.
Wa boti ali m'boti.
Otayipa akutayipa.
Teni koloko, chimodzimodzi. Leveni, chimodzimodzi. Thu koloko, chimodzimodzi, kungoti a Zuze akuwodzera.

Sindidandaula. Buku limati anthu akadziwa kuti akuyang'anidwa amasintha kachitidwe masiku oyamba. Ndi manyazi chabe, mawa abwerera mwakale. Ndiponso zimene amachitadi ndikuzidziwa, ndakhala nawo zaka ziwiri. Ndayamba kulemba kuchokera m'mutu. Masamba eyiti lero lokha, ndipo ndi okoma, ngakhale ndikudzitama ndekha. Ndime ya a Njobvu ndi njinga yawo ndaiwerenga katatu, mokweza.

Ndapereka masambawo kwa Mai Lungu kuti atayipe. Awerenga milomo ikuyenda, andiyang'ana pamwamba pa magalasi, akuti, "Mmm." Basi. Anthu osazolowera kuwerenga zakuya amatero.

Madzulo. Pampopi madzi akungodontha ngati mphuno ya mwana wachimfine. Ndasamba ndi kapu imodzi. Miyendo isamba mawa.

Lachitatu

Madzi kulibe. Mpopi ukungopuma mpweya wotentha.

Ndathamangira kwa a Zuze. Ali m'boti, chipewa pamaso. Atulutsa pepala lija, alitambasula pabondo, aloza ndi chala. "Onani mweka, bwana. Pali boti, pali nkhafi, pali kupulumutsa omira. Injini ya madzi ili pati? Ine ndine wa boti." Ndawauza kuti asachite zachibwana, anthu ali ndi ludzu. Akuti nawonso ali ndi ludzu, koma chidindo n'chidindo.

Amayi a m'komboni atsika kumtsinje ndi ndowa, asilikali athu awabweza. Atsikanso kwina, kumene kuli ng'ona. Podutsa pa ofesi onse andiyang'ana, palibe wopereka moni. Nkhani yafika kale m'nyumba zonse kuti a Digiri atseka madzi ndi pepala.

Amayi ogulitsa vitumbuwa pachipata: "Vatha." Beseni lodzaza mpaka pakamwa, ndikuliona ndi maso anga! "Ivi ni va anthu."

Ndiye ine ndine chiyani?

Masana. Ndakadandaula kwa a Bwana, mkulu wa boma lino. Ndawapeza akudzikupiza ndi fayilo, mabatani onse omasula. Andimvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Khalani pansi, mwana wanga. Tukulani mwendo uwo wa tebulo." Ndatukula. Pansi pake pali chikalata chopinda, chakuda ndi fumbi, ndicho chimaletsa tebulo kugwedezeka. Ndachiwerenga. N'chochokera ku likulu, cha miyezi ingapo yapitayo. Boma likuchepetsa antchito. Tumizani mayina a onse amene ntchito yolembedwa pa malo awo inatha.

Ndachiwerenganso kachiwiri.

A Bwana akuti, "Chikalata ichi sichinafike. Nkhondo. Makalata amasowa." Akuti dalaivala wopanda galimoto, wa boti wopanda mtsinje, otayipa opanda riboni, onsewo ku Lusaka ndi mizere itatu yofufuta ndi rula, tiyi asanazizire. Kuno ndi amene agwira boma kuti lisagwe. A Njobvu atsala chaka chimodzi kuti apume ndi penshoni yawo. "Tsono inu mwalemba zonse m'Chingerezi chabwino, mukuti mutumiza ku unduna. Mwaputa mavu, a Digiri. Bwezerani chikalatacho, tebulo likugwedezeka."

Ndabwezera.

Bwanji sanandiuze kale? Ine woyang'anira antchito, chikalata cha antchito chili pansi pa tebulo miyezi yonseyi, ndakhala ndikuikapo zigongono! Ndafunsa. Akuti ankaopa kuti ndichiyankha.

Madzulo. Mutu ukuwawa. Koma munthu wa digiri sagonja ndi mwendo wa tebulo. Njira ilipo: ndichotsa mayina. Wantchito Woyamba, Wachiwiri, Wachitatu. Buku limalola, limati kuteteza amene wawafunsa. Ndalemba masamba ena seveni. Dzanja likumata papepala ndi thukuta, inki ikufalikira.

Sindinasambe. Nyerere zapeza shuga wanga, nazonso zikugwira ntchito yake.

Lachinayi

M'mawa ndayesa kudzutsa injini ndekha. Si chitsulo chabe kodi? Ndazunguza chogwirira kawiri, kachitatu chandibwezera, chandimenya padzanja. Latupa. Ndilo lolembera! A Zuze aonera ali m'boti, angogwedeza mutu ngati pamaliro.

Ndapita kwa Mai Lungu ndi nzeru yanga ya mayina. Afufute Njobvu, aike Wantchito Woyamba. Asiya kutayipa, apinda manja. "A Digiri, madalaivala opanda motoka mu Feira muno alimo angati?" Ndati mmodzi. "Nanga ogontha khutu imodzi?" Ndatuluka.

Teni koloko. Msonkhano, monga buku limanenera: amvetsere, ayamikire, afunse madandaulo awo. Ndawakhazika pabenchi atatuwo.

Kodi pali chodandaula? Palibe, bwana.
Kodi ntchito ikukukomerani? Kwambiri, bwana.
Nanga mungafune kuti chisinthe n'chiyani? Palibe chosintha, bwana, zonse zili monga papepala.

Ndawapempha andibwezere mapepala aja, tiiwale za Lolemba. Onse agwira pathumba la malaya. A Njobvu akuti pepala limeneli ndilo umboni wawo kuti ndi dalaivala, wobwera kudzafufuza adzawapeza pachiwongolero. Ngati ndikufuna akwerenso njinga, ndiwalembere pepala lina lonena kuti dalaivala azipalasa njinga, ndidinde. Ndatenga cholembera, ndachibwezera. Pepala lotero ndilo lomwe a ku likulu akufuna. Ndagwira njakata: ndikalemba ndawapha, ndikapanda kulemba madzi kulibe, makalata sayenda.

Cha m'ma thu koloko. Ndeke!

Palibe anaimva. Mai Lungu ali m'kati, chitseko chotseka, akutayipa tsamba langa la khumi ndi chiwiri. Chitsulo chili phee pamtengo. Tangozindikira ili kale pamwamba pathu, yotsika, mawindo akunjenjemera. Anthu balalika. Amayi wina wathamanga ndi ndowa kumutu mwana wamuiwala pansi, wabwerera. A Bwana atulukira pawindo, ndi mimba yonse ija. Ine ndadziponya m'dzenje loyandikira, ndapezamo mbuzi. Tayang'anana. Yatuluka ndi iyo, moipidwa.

Sinaponye kanthu. Yazungulira kamodzi, yabwerera tsidya lija. Koma aliyense kuno akukumbukira za ku Kavalamanja, mudzi umene ndeke zotere zinauphulitsa, palibe waseka. Mai Lungu atuluka m'dzenje lawo, apita pansi pa mtengo, agwira chitsulo chija. Kenako andiyang'ana. Bola akanandilalatira.

Ndachita mantha, ndipo ndachita manyazi. Ndilembe zimenezo pano poti m'lipoti mulibe malo ake.

Madzulo Mai Lungu abweretsa lipoti lonse, lotayipa, masamba khumi ndi asanu, lopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Aliika patebulo langa ndi manja awiri. "Nchito yanga ya papepala yatha. Kaboni nayo yatha." Atenga zoluka zawo, abwerera pakhonde. Akuti achotsedwe ntchito kaya asachotsedwe, sakufuna kudzatola ana a anthu.

Lipoti ndi lokongola. Ndaliika mu envelopu yaikulu, ndamata, ndalemba keyala. Likulemera bwino m'manja.

Zotsala:
madzi
dzanja
munthu wolinyamula

Lachisanu

Ndapita kwa a Njobvu mwaulemu wonse, chipewa m'manja. Ali pachiwongolero. Ndayamba ndi moni wautali, ndafunsa za kunyumba, za mbuzi, za khutu. Kenako ndati mawa ndi Loweruka, bambo.

Atembenuza khutu logontha. Ndazungulira galimoto, ndabwereza mbali inayo.

"Nadziwa kuti ni Chiweru," akutero. "Njinga ili mu sitolo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko." Atsika, apita okha kukaitulutsa, aipopa mawilo onse awiri, amangirira envelopu yanga pakaliyala ndi mphira. Akuti ndinyamuke lero lomwe, poti mapalasidwe anga akufunika masiku awiri. Andijambulira njira pansi ndi kamtengo: pamlambe wobooka ukhote kumanja, pamsewu waukulu usapondepo ngakhale utaona kuti ndi wosalala bwanji, pamene mbuzi sizinapondepo iwenso usapondepo.

Ndanyamuka teni koloko. Njinga ndinakwera komaliza ndili ku sekondale.

Zimene ndapeza:
Milambe yobooka ilipo inayi.
Mbuzi za kuno zimaponda paliponse, ngakhale m'mitengo.
Mchenga sulola digiri.
Minga ya kuno ndi yaitali ngati misomali. Wilo lakumbuyo laphwa ola loyamba, lakutsogolo ladikira pang'ono kuti lisaoneke lotsanzira.

Ndakankha. Dzanja lotupa, lilime louma, ntchentche m'maso. Cha m'ma wani koloko ndatulukira pa asilikali athu, atatu, pansi pa mtengo wa masau. Mfuti zonse kwa ine. Ndakweza manja, njinga yagwa. Ndafotokoza kuti ndine wa boma, ndikupititsa makalata ku Katondwe. Wamkulu wawo wandizungulira, wayang'ana nsapato zanga za mu ofesi. "Makalata amanyamula madala ogontha aja. Imwe ndimwe ndani?" Ndati woyang'anira antchito. "Antchito ali kuti?" Andipatsa madzi theka la kapu, andilozera kumene ndachokera. Akuti osadziwika sadutsa, lamulo ndi limenelo, ndipo ndithokoze kuti ndakumana ndi iwo osati ena.

Ndafunsa ngati Katondwe ali pafupi. Aseka mpaka mmodzi wakhala pansi. Akuti akakwera pachulu amaona madenga a Feira.

Ndalowa m'boma faifi koloko, ndikukankha njinga ya mawilo awiri akuphwa. Amayi a vitumbuwa aja andiona, aomba m'manja kamodzi, akuti, "Iye! Afika kale a ku Lusaka!"

Ndamva kuti masana kunamveka mfuti kumtsinje, pamene amayi amatunga. Palibe wavulala. Ndowa imodzi yabooka.

Dzuwa lisanalowe ndayesa nzeru yotsiriza: kulemba lipoti lina, la zimene wotchi yanga yaona sabata ino. Dalaivala pagalimoto, wa boti m'boti, ntchito sinasinthe. Lakwana theka la tsamba. Ndiponso a ku unduna akudziwa kuti galimoto inaphulika, ndiwo anatilembera kuti ina kulibe. Akawerenga kuti imatsukidwa m'mawa uliwonse atumiza munthu kudzaona. Ndang'amba.

Zandithera. Mapazi ali ndi matuza asanu ndi awiri, ndawawerenga.

Loweruka

Kukungoyera. Chandidzutsa ndi phokoso limene ndinali nditaliiwala: du, du, du, du. Injini ya madzi! Pakati pake mawu a a Zuze, akuitukwana mpaka agogo ake. Mpopi wanga watsokomola, walavula matope, kenako madzi. Ndamwa ndi manja, ndamwanso.

Odi pakhomo. A Njobvu. Yunifomu avula, avala kabudula wawo wa masiku onse ndi nsapato za matayala. Njinga ili pambali pawo, mawilo omata, thumba la makalata pakaliyala.

Akuti anakambirana dzulo atatuwo. Ndowa yabooka dzulo, mawa adzabooka munthu. M'thumbamo muli makalata a anthu, ena ndi a odwala ku chipatala, sangadikire mwezi chifukwa cha mkangano wa mapepala. Kenako atambasula dzanja.

"Bweretsani lipoti yanu, a Digiri. Mai Lungu anatiwerengera yonse. Mulibe bodza. Za khutu yanga mwalemba bwino maningi, mkazi wanga analira. Bweretsani, dzuwa ikwera."

Envelopu ili patebulo, mapazi atatu kuchokera pakhomo. Ndaitenga. Ndaima nayo. Munthu wa zaka za atate anga, akuti apalase tsiku lathunthu m'tinjira ta mabomba, atanyamula pepala lomuchotsa ntchito, ndipo wabwera yekha kudzalitenga. Akanakana ngati dzulo ndikanadziwa chochita, ndikanakwiya. Tsono uyu waima, dzanja lotambasula, akuyang'ana kumwamba kuona ngati kukhale mitambo.

Ndawapempha mphindi zisanu. Ndakhala pansi, ndang'amba tsamba m'kabuku ka wotchi kaja, ndalembera amake Limbani. Dzanja lotupa, zilembo ngati mapazi a nkhuku. Ndamata. Ndatuluka, ndawapatsa kakalata kameneko.

Akayeza m'dzanja. "Yapepuka."

Ndati ndi yomweyo.

Andiyang'ana pang'ono, ayang'ana envelopu yaikulu ili patebulo kumbuyo kwanga. Sanathokoze. Aika kakalatako m'thumba, amanga, akwera. Ndawauza kuti ayende bwino, koma ndinali mbali ya khutu logontha.

Naini koloko. Ndachita chiyani? Zaka ziwiri za kuwerenga ndi nyali ya palafini, udzudzu ukundidya! Ndatuluka ndi envelopu, ndathamanga mpaka pachipata, ngati munthu angapeze njinga ndi matuza asanu ndi awiri. Mai Lungu ali pakhonde ndi zoluka, ngakhale lero si la ntchito. Andiona, aona envelopu, abwezera maso pa singano. Ndabwerera pang'onopang'ono ngati ndimangowongola miyendo.

Asadzanene munthu kuti ndinachita ndi mtima wabwino. Mtima umafuna Lusaka, ukufunabe. Dzanja ndilo linakana.

Masana ndasamba thupi lonse. Sizinandikomere.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mapazi.

Belu la kuno lalira, ndiye kuti ku Katondwe misa yoyamba yayamba. Ndakhala pakhomo ndi wotchi. Tsopano akuimba. Tsopano ulaliki. Tsopano atuluka, akukweza matumba, a Njobvu apereka thumba kwa dalaivala mnzawo, amene ali ndi galimoto. Hafu pasiti eyiti ndavula wotchi, ndaiika m'kabati.

Palibe wabwera kudzanena kanthu. A Bwana adutsa ndi banja lawo, akweza dzanja, apitirira. A Zuze atumiza nsomba imodzi ya pende, yaing'ono, popanda uthenga. Ndaiwotcha, ili ndi minga yambiri.

Lipoti ndaliwerenganso lonse, kuyambira tsamba loyamba. Ndi labwino. Ndikunena zoona, ndi chinthu chabwino koposa chimene ndalembapo m'moyo wanga, ndipo amene aliwerenga ndi anthu anayi, awiri mochita kuwawerengera. Ndalitsekera m'sutikesi, pansi pa jekete limene ndinasungira tsiku lolandira dipuloma.

Mwezi wamawa a kusukulu alemba kalata yondifufuta. Aibweretsa a Njobvu, pa njinga.

Kumwamba kulibe mtambo. Ati mvula ichedwa chaka chino.

Kakalata kanga kafika ku Matero mwina Lachiwiri. Amake Limbani akawerengera pakhonde, alamu anga ali pambali, amene ananena kale kuti munthu wopita ku Feira sabwerako. Ndinafuna kufotokoza za galimoto, za boti, za mwendo wa tebulo, koma mphindi zisanu n'zochepa, ndipo sakanamvetsa. Ndinangolemba kuti ndili bwino, madzi tili nawo, Limbani mukamulembetse sukulu ku Chadiza. Musandidikire.